Madzi Asanafike

Ndimalipidwa kuti ndione madzi asanafike.
Si maula ayi. Ndi makompyuta atatu,
khofi wozizira m'kapu yothyoka chogwirira,
ndi kamzere kabuluu kokwawa pagalasi
ngati bongololo wolunjika kudenga.

Mvula idayamba Lachiwiri kumapiri a Pennine.
Lero ndi Lachisanu. Nthaka yakhuta,
dontho lililonse ikulavula
ngati khanda lokana phala.

Choyezera cha ku Todmorden chimalankhula
mphindi khumi ndi zisanu zilizonse.
Sichinama, koma za m'mawa sichidziwa.
Za m'mawa adandisiyira ine.

Pafoni pali Denholm Ackroyd wa ozimitsa moto,
amene usiku uno alibe chozimitsa.
"Ndili ndi maboti awiri, anthu khumi ndi mmodzi.
Ndiwaike kuti, Hebden Bridge kapena Mytholmroyd?"
Iye sakufuna mwina.
Ine m'manja mwadzaza mwina yekhayekha:
kompyuta yaulosera mtsinje wa Calder
maulendo makumi asanu.
Makumi atatu wadumpha khoma,
makumi awiri wadutsa mwaulemu
ngati mkamwini pakhomo pa apongozi.

Chaka chatha ndidalamula kuti sairini ilire.
Mayi Thwaite ophika buledi
adakweza matumba a ufa makumi anayi kuchipinda cham'mwamba,
okha, ndi bondo lawo lachitsulo lija.
Madzi sadabwere.
Kalata yawo ndimaisunga m'dirowa:
"Amene mudatidzutsanu, msana muli nawo?"
Ndili nawo, mayi.
Usiku uno ukundiwawa ngati ufawo ndidasenza ndine.

Ndikachenjeza pachabe, mawa atseka makutu.
Ndikakhala chete, mawa tiwerenga mayina.

Mwezi watha kudabwera Oonagh wa kukhonsolo
ndi mapu a nyumba zatsopano m'dambo la kumunsi,
madenga ofiira, kabwalo ka ana, mitengo yojambula.
Ndidayala mapu anga pamwamba pa ake,
buluu wanga adameza zofiira zake zonse.
Ndidati kwathu ku Chikwawa timati madzi saiwala khwawa.
Adafunsa ngati mwambiwo uli ndi manambala.
Ndidampatsa manambala.
Adapinda mapepala ake pang'onopang'ono,
nati, "Anthu mazana atatu akudikira pogona.
Nawonso ndi manambala."
Sindidamuyankhe. Mpaka lero.

"Halo? Mukadalipo?"
Ndilipo, Denholm.
Kumbuyo kwake injini ikuguguda,
wina akutsokomola, nsapato za mphira zikuphwanya matope.
Kamzere kaja kakwera chala chimodzi
pamene ndimameza malovu.

"Mytholmroyd. Maboti onse awiri.
Muyambire kunyumba yosungira okalamba.
Muli ndi maola atatu, mwina awiri ndi theka."
"Mwina?"
"Awiri ndi theka."

Foni yaduka.
Tsopano ntchito yanga ndi kukhala pampando wouma
m'chipinda chofunda, kutali ndi mtsinje,
pamene ana a eni akulowa m'madzi ofika m'chiuno
chifukwa cha mawu anga.
Ndatsegula bisiketi, ndasiya.
Ndawerenga matailosi akudenga kawiri.

Mbandakucha madzi adalowa mumsewu waukulu,
adanyamula zinyalala, galimoto yoyera,
ndi benchi yolembedwa dzina la malemu wina.
M'nyumba ya okalamba adapeza mabedi opanda anthu,
mano oikirira ali m'galasi,
wailesi ikuimba yokha.
Ku Hebden Bridge adaima masentimita asanu ndi anayi
pansi pa mlomo wa khoma.
Asanu ndi anayi. Kutalika kwa chala changa chamkombaphala.
Musandifunse kuti kukadakhala khumi.

Denholm watumiza uthenga wa mawu awiri:
"Onse tatulutsa."
Ndauwerenga ndili m'basi,
pakati pa anthu odandaula kuti sitima zaima.
Nsapato zanga n'zouma, ndipo zikundichititsa manyazi.
Kumadzulo, mbali ya nyanja ya Ireland,
mtambo wina wayamba kale kumanga katundu.
Ndigone maola asanu.