Kuthamanga kwa Mafuta

Pa chitunda cha Cerro Barón
galimoto ya buledi ya Fresia inakhosomola kawiri,
inalavula utsi wakuda bii,
kanyali kachikasu n'kuyaka, kosaphethira.

Tinaikankhira m'galaja anthu anayi.
Ndinalumikiza kakompyuta kunsi kwa chiwongolero,
iko n'kuyankha mwachidule ngati kalaliki wotopa:
P0089.
Regyuleta, ndinatero, dzanja lili kale pa foni.

Bambo anga a Eulogio, amene maso ayamba kuwathawa,
anali pa mpando wawo wozulidwa m'basi yakufa.
"Nambala imaloza pamene pakupweteka,
siinena chimene chaluma. Yeza."

Ndinamanga geji pa paipi ya mafuta.
Singano inakwera, inanjenjemera,
ndipo nditazimitsa injini
inagwa msanga ngati munthu wotaya mtima.
Pampu? Inkang'ung'udza bwino m'thanki.
Sefa? Ya mwezi watha.
Waya uliwonse ndinaugwedeza, palibe wodyeka.

Kenako ndinazula kapaipi kampweya,
kaja koyenera kukhala kouma gwaa,
n'kukaika m'manja mwawo.
Ananunkhiza kamodzi.
"Petulo. Kachikopa kam'kati kang'ambika.
Injiniyi ikumwera m'mphuno."

Nibaldo anatsikira kudoko pa njinga,
nabwera ndi kabokosi kochepa kuposa sopo.
Ndinachotsa fyuzi ya pampu,
injini inalira mpaka ludzu linaizimitsa.
Mabawuti awiri. Chiguduli cholandira madontho.
Kamphete kamphira kopaka oilo ndi nsonga ya chala.
Mapulagi anayi, onse mwaye wokhawokha,
ndinawapukuta uku Fresia akuwerenga
mabanzi amene azizira osagulidwa.

Ndinafufuta nambala ija.
"Kufufuta si kuchiritsa," mawu anachokera pampando,
"kwera nayo."

Ndinakwera.
Misewu ya Valparaíso siidziwa kugona chafufumimba,
imangoimirira.
Giya yachiwiri, phazi pansi,
diso limodzi pa kanyali,
ndipo kanyaliko zii,
mpaka pamwamba pamene sitima zimaoneka ngati mabokosi a machesi.

Madzulo, zitseko zitatsekedwa,
ndinakulunga lamba wakuchipatala pa mkono wawo,
n'kupopa.
Manja anga ankanunkhabe petulo.
Singano inapyola mzere wofiira,
inakanirira pomwepo.

"Ndi nambala chabe," anatero,
nkhope atatembenuzira kuzenera.

Mawa m'mawa, ndinawauza,
galaja titsegula mochedwa.