Phazi la M'mawa ndi Labodza

Profesa Kandido anandiletsa kupita m'mawa.
"Phazi la m'mawa ndi labodza," anatero,
"upite dzuwa litapendeka, utayendayenda,
phazi litafufuma, likunena zoona."
Ndiye ndafika pa msika wa ku Ulongwe
nthawi imene a kachewere ayamba kutsitsa mtengo,
sokosi zothamangira zili m'thumba
pamodzi ndi mametikali amene ndakhala ndikuponya m'chitini
chiyambire kukolola nyemba.

Gervaziyo wakhuthula belo lake pa lona,
kalamidade, mulu wofika m'mawondo,
nsapato iliyonse yomangidwa ndi inzake
ngati nkhuku zopita kokagulitsa.
"Mana Felizarda, zofiirazi zimadikira inu!"

N'zokongoladi. Ndazitembenuza.
Chidendene chadyeka mbali imodzi.
Mwini wake, kaya ali dziko liti,
ankaponda mopendekera kunja,
ndipo nsapato siiwala woiyamba.
Ndikazivala ndithamanga ndi mayendedwe a mlendo,
bondo langa n'kumalipira ngongole
ya ndalama imene silinadyeko.

Zoyerazi n'zopepuka ngati gaga.
Ndapinda imodzi, yagonja pakati penipeni,
yopanda msana.
Ya mtunda wautali imapindika pa zala pokha,
kwinako imakana.
Gervaziyo wausa moyo:
"Mukusankha ngati mukusankha mwamuna."
Ndati ayi, mwamuna ndinasankha mothamanga.

Sakudziwa za chaka chatha,
pamene ndinkathamanga ndi za mpira za mlongo wanga
mumsewu wa ku Domwe,
chala chachikulu chikugogoda kutsogolo
pa chitsikwe chilichonse, go, go, go,
mpaka chikhadabo chinada bii.
Tsiku lina ndinachipeza m'sokosi
ngati khoko la nthanga ya dzungu.

Pansi pa mulu pali zotuwa,
mtundu wa phulusa lonyowa,
chingwe china chobiriwira, china cha nsapato ina.
Palibe mnyamata wa kabaza angaziyang'ane kawiri.
Koma kunsi mizere yonse ilipo,
ndadina ndi chala, mphira wabwerera.
Ndavala, ndaimirira, ndawerama:
pakati pa chala ndi mphuno ya nsapato
chala chamanthu chakwanapo bwinobwino.
Chidendene chagwira, osatsina.

"Ndiziyese kaye mpaka pa chigayo."
"Siyani foni."
Ndasiya foni ndi patapata, chikole.

Ndadutsa a tomato, a makala, wosoka maambulera,
ana akukuwa kuti wakuba, wakuba,
mayi wina wakumbatira dengu lake la mapichesi.
Ine ndikumvetsera pansi.
Nsapato yabwino siyankhula.
Pobwerera ndinali nditaiwala kuti ndavala kanthu.

Tatsutsana mtengo mpaka mthunzi wafika pa lona.
Iye akuti belo lakwera ku Beira,
ine ndikuti chingwe n'chobwereka.
Wandichotserako makumi asanu,
ya minibasi yalowa momwemo.
Palibe kanthu, kwathu ndi makilomita asanu ndi anayi,
Profesa awerengera ngati ntchito ya lero.

Mpikisano uli ku Tete, miyezi inayi kutsogoloku,
kumene phula limafewa masana
ndipo mphepo ya pa mlatho wa Zambezi
imakhala ngati yatuluka mu uvuni.
Koma zisanakaone kumeneko
zidzadziwa chisanu cha kuno cha folo koloko,
agalu a kwa Jemusse,
mame a m'minda ya tirigu,
ndi chitunda chija chimene chimanditukwanitsa Lachiwiri lililonse.

Usiku ndazula kansalu ka mkati kuti ndichape.
Pansi pake pagwa timchenga toyera,
tosalala, tosakhala takuno.
Ndatiyang'ana nthawi yaitali pa chikhatho.
Winawake anathamangapo kwinakwake,
kenaka anasiya, kaya chifukwa chiyani.
Ndatiuzira panja pa khomo.
M'kope ndalemba tsiku, ndi nambala yoyamba.
Mawa zilawe katondo.