Katundu wa kwa Chamama

Leveni koloko pa Kasungu boma,
phula layamba kale kugwira nsapato.
Mnyamata wa m'sitolo wandipatsa katoni yabowolabowola,
akuti muli anapiye zana limodzi, oswa dzulo,
sainani apa.
Ndasaina. Ndamanga ndi mphira kumbuyo kwa njinga,
mfundo zitatu, yachinayi ya mantha.

Eni ake ndi a Nachisale a kwa Chamama.
Ndalama yake ndi ya banki m'khonde,
chiwongoladzanja chanyamuka kale
ine ndisanaponde n'komwe kiki.

Mpaka pa Mtunthama ankasokosera,
tsiyo, tsiyo, kuposa ekizozi yanga yobooka,
ine n'kumawayankha: mwalipira inu kuti muzilamula?

Kenako phula linatha.
Okutobala kuno si mwezi, ndi ng'anjo ya njerwa.
Mphepo yondiwomba kumaso
ikuchita ngati yatulukira m'bani ya fodya,
chisoti chasanduka chiwaya, mutu wanga mtedza.
Minda ya maesiteti yagona chagada, yosavala,
zitsa zokhazokha pomwe padali misuku ndi mitondo.
Bambo anga adagwetsa nawo mitengoyo ali tenanti,
ngolo pa ngolo, kuti tsamba la bwana lipse bwino.
Mthunzi womwe ndikuusaka lero
udapita kuokushoni ine ndili kumsana.

Kutsogolo kukunyezimira madzi pakati pa msewu.
Ndikafika, mchenga.
Kamvuluvulu wadutsa atanyamula jumbo ndi mapesi,
sanandipatse ngakhale moni.
Nyenje zokha ndizo zili ndi malovu oimbira.

Titapitirira kwa Wimbe ndinamva chinthu:
kumbuyo kuli zii.

Ndinaima. Injini ikununkha ngati chitsulo cha osula.
Kumanzere lupsa, kumanja lupsa,
mjigo womwe ndimaudziwa wamangidwa tcheni.
Ndinavula jekete n'kulipachika pa mahandulo,
ndinagwada kuti msana wanga ukhale denga,
ndinatsegula.
Timilomo tonse yasa, kupuma ngati agalu.
Asanu ndi anayi aponderezana pangodya, miyendo tambalale.

M'botolo munatsala madzi ofika zala zitatu,
ofunda ngati tiyi wapamaliro.
Lilime langa linawawerenga, linati ndi anga.
Ndinathira m'kachivindikiro.
Mmodzimmodzi, kugwira, kuviika mlomo, kubweza,
kugwira, kuviika, kubweza,
ine amene mwana wanga Lonjezo
sindinamumwetsepo phala ndi dzanja langali.

Foni. A Nachisale.
Muli pati, achimwene?
Ndayandikira, mayi.
Bodza lomwe aliyense wa kabaza amabadwa nalo.

Akufawo sindinataye.
Ndinawakulunga m'kampango, n'kuika m'thumba la malaya,
asadzati ndagulitsa panjira n'kugula petulo.
Ndinayenda giya yachiwiri, miyendo ikukwakwaza mchenga,
khutu limodzi kwa injini, lina kumbuyo,
mpaka kamodzi kanati tsiyo,
kena n'kuvomera.

Pakhonde pawo anawerenga pachitenje, kawiri,
milomo ikuyenda ngati akupemphera.
Makumi asanu ndi anayi, kudza mmodzi.
Ndinatulutsa kampango. Anayang'ana nthawi yaitali,
kenako anayang'ana milomo yanga yong'aluka,
n'kuitana mtsikana: tatunga a mumtsuko, osati a m'ndowa.
Ndinamwa makapu atatu osatsitsa mpweya.
Pa ndalama yanga anadulapo faifi handiredi.
Sindinatsutse.

Pobwerera dzuwa linali litafiira ngati diso la chidakwa,
njinga yopepuka, mphira ikukupiza pa keliyala.
Usiku mkazi wanga pokutumula malaya
anapeza kanthenga kachikasu katamatirira kuthumba.
Ndiye mwatenga ndani lero? anafunsa.
Ndinati anthu ambiri,
ena sanafike.