Lisiti la Bungwe

Ndalama ya bungwe ndinkalipira monyinyirika
ngati munthu wogula ambulera mu Seputembala.
Elube, msungichuma wathu, ankandisaka m'makonde a ku Central
ndi kabuku kake ka malisiti,
ine n'kuzembera kuwodi ya ana ngati ndaitanidwa.

Bungwe n'chiyani, ndinkatero,
kupatula tiyi wa Loweruka ku Area 3,
masamusa awiriawiri,
ndi madokotala a imvi kulimbana ndi ndime yachisanu ya malamulo
mpaka dzuwa kupendeka?

Kenako unafika usiku wa Lachitatu uja.
Magetsi anathima cha m'ma wani koloko,
jenereta inatsokomola kawiri n'kukhala chete.
Pa bedi naini panali mnyamata wa kabaza wa ku Mgona,
chifuwa chikukwera n'kutsika ngati mvukuto yobooka.
Ndinamupopera mpweya ndi manja
mphindi makumi anayi,
namwino akuunikira ndi foni,
mpaka zala zanga zinaleka kundimvera.
Anatisiya magetsi asanayake.

Sabata isanathe kalata inandipeza,
dzina langa pamwamba, mawu oti kunyozera ntchito pansi pake.
Jenereta sanailembere kalata.
Dizilo amene sanagulidwe sanaitanidwe ku ofesi.
Tsiku limenelo m'minibasi ya ku 25
ndinapitirira siteji yanga,
kondakitala n'kundilipiritsa kawiri.

Madzulo kunamveka odi.
Anali Dokotala Msampha, yemwe uja wa ndime yachisanu,
nsapato zili mbuu ndi fumbi la ku Nsungwi,
fayilo kukhwapa.
Funso lawo loyamba linali lakuti, mwadya?
Lachiwiri, munagona liti komaliza?
Kenako anatulutsa cholembera:
tiyeni, mphindi ndi mphindi, osadumpha.

Sanandiyeretse ayi.
Apa, anatero akugogoda pepala,
munachedwa kuimbira wamkulu wanu ndi mphindi khumi.
Izi mukazinena ndi pakamwa panu.
Bungwe si bulangete lofunditsa zolakwa.
Koma katundu wa jenereta simusenza ndinu.

Pa tsiku la mlandu anakhala kumanzere kwanga.
Kumbuyo kunali ena asanu ndi awiri,
wina wochokera ku Mchinji pa basi ya mbandakucha,
wina yemwe sitinalankhulanepo chichokere kusukulu.
Aliyense anabwera ndi usiku wake wa mdima
atalemba tsiku, ola ndi nambala ya bedi.
Usiku wanga unaleka kukhala wanga ndekha.

Makalata anakwera ku Capital Hill, anayi, asanu.
Yankho linayenda ngati magalimoto a pa mlatho wa ku Old Town
mvula ikagwa cha m'ma faivi.
Dizilo anabwera ndithu.
Mnyamata uja sanabwere.
Mayi ake ndimawaonabe nthawi zina pageti
akugulitsa nthochi kwa odikirira matenda,
ndipo palibe ndime ya malamulo
yondiuza koloza maso.

Loweruka lapitali ndinafika msanga, ndinayala mipando.
Ndinakweza dzanja pa nkhani ya madokotala atsopano
omwe akugwira maola makumi atatu osatsinzina.
Samusa wanga anazizira m'mbale.

Elube sandisakanso.
Lisiti lili m'thumba la chovala choyera
pamodzi ndi magolovesi ndi katochi kamene ndinagula kumsika wa Tsoka.
Lachapidwa kawiri, inki yafufuma,
koma nambala yanga ikuwerengekabe.