Zitsa za Macheke

Kalata yafika Lachiwiri,
pamodzi ndi bilu ya magetsi ndi kapepala kotsatsa mbewu.
Akuti: Okondedwa Mayi Merle Hoadley,
pofuna kukutumikirani bwino,
macheke tikuwasiya.
Ndinawerenga kawiri, kachiwiriko nditapukuta mandala.
Mawu sanasinthe.

Kuno ku Tasmania mwezi wa Julaye suseka ndi munthu.
Chisanu chimagona pamitengo ya maapozi mpaka dzuwa litakwera,
ndipo zala zangazi, za zaka makumi asanu ndi atatu kudza zinayi,
zimadzuka mochedwa kuposa mwini wake.
Koma cholembera zimachidziwa.
Zikachigwira zimawongoka
ngati ana asukulu aona mphunzitsi pakhomo.

Mdzukulu wanga Lachlan anandigulira foni yopanda mabatani.
Ingokhudzani apa, agogo.
Ndikhudza ine, iyo duu.
Akhudza iye, iyo ngwee.
Akuti khungu langa lauma, galasi silikundimva.
Ha! Manja othyola maapozi, ometa nkhosa,
osambitsa ana atatu ndi mwamuna wodwala,
lero kagalasi kakuti kulibe munthu.

Nambala yachinsinsi ndinailemba kuseri kwa kalendala.
Akuti osalemba.
Ndiisunge kuti nanga, poti mutu unadzaza kale ndi masiku a maliro?
Mnzanga Beryl anamuimbira mnyamata wa mawu aulemu,
ati ndine wa ku banki, mayi, musaope.
Pofika madzulo ndalama yokonzera denga inali itapita.
Chaona mnzako chapita.

Nthambi yathu anaitseka.
Pomwe panali kauntala ya Noeline
pano akugulitsapo khofi ndi makandulo onunkhira.
Ina ili ulendo wa ola ndi theka, basi imodzi patsiku,
ndipo zoyendetsa galimoto adokotala anandiletsa chaka chatha.

M'chitini cha mabisiketi ndimasungamo zitsa,
tizidutswa totsalira ukang'amba cheke.
Clarrie sankataya kanthu.
Taonani: thirakitala yogwirapo kale ntchito, theka la mtengo.
Dokotala wa ziweto, usiku, nkhosa ya mapasa.
Nsapato za ukwati za Denise,
pambali analembapo kuti zodula!
Kenako zilembo zake ziyamba kupendama,
kunjenjemera, kutsika pamzere
ngati munthu woterereka m'matope,
mpaka chitsa china, mwezi wa Meyi,
pomwe dzanja ndi langa.
Bokosi. Maluwa. Masangweji a anthu makumi asanu ndi limodzi.

Tandiuzani, foni imasunga zoterezi?

Sindikukana kuti dziko liyende. Liyende.
Mapaundi anasanduka madola ndili ndi mwana m'manja,
ndinaphunzira, sindinalire.
Ndikungopempha kuti poyendapo muzicheuka.
Siyani khomo limodzi lotsegula,
mpando,
ndi munthu wa nkhope
woti ndikamufunsa kachitatu asausire moyo pamaso panga.

Masamba atsala anayi.
Limodzi ndi la Wal Dunstan wobweretsa nkhuni,
amene nayenso foni yake imagona m'lole, yozima.
Limodzi la kutchalitchi.
Lina ndiika m'khadi la Lachlan, Seputembala;
adzaseka, ndikudziwa,
adzalitembenuza uku ndi uku ngati tsamba logwa mumtengo wachilendo,
koma adzaona dzina lake m'zilembo zanga,
ndi ndalamayo yolembedwa kawiri,
m'manambala ndi m'mawu,
monga amachitira munthu wosafuna kuti umumve molakwika.

Lomalizalo sindidziwa.
Mwina ndilisiya momwemo, losalemba,
kuti Denise podzayeretsa nyumba ino
adzapeze kuti mayi ake anatsala ndi mawu.

Ketulo yalira.
Lole ya Wal yaima pageti, galu akuuwa,
nkhuni zikugwa pansi, gu, gu.
Ndakhala pathebulo, ndavula magolovesi,
ndauzira mpweya m'manja.
Adikire pang'ono.
Ndayamba ndi deti.