Chivindikiro cha Fulasiki

Dzanja langa linkadziwa lokha:
kutapa sopo waufa, kuwaza m'beseni,
kuvundula mpaka thovu lifike m'chigongono,
basi, malaya ayera.
Palibe anandiphunzitsa. Ndinangokula nazo
monga munthu akulira ndi dzina lake.

Koma makina alibe chigongono.

Lolemba ndimakhala ku Katoto, kwa a Chavula.
Makina awo ali ndi chitseko pamimba,
chagalasi, chozungulira ngati diso la kadzidzi.
Tsiku loyamba ndinawapakulira ngati alendo,
manja awiri odzaza, kuopa kutchedwa woumira.
Ndikusita kuchipinda ndinangomva mwana akukuwa:
Anti, mtambo walowa m'nyumba!
Thovu linali litadutsa kunsi kwa chitseko
mpaka pa nsapato za bwana zopitira kutchalitchi.
Ndinakolopa mpaka dzuwa kupendeka.
Lero ndikuwadziwa: ndi odya pang'ono awa,
madzi amangonyambita,
theka la chivindikiro akhuta.

Lachitatu ku Luwinga, kwa a Nyaluhanga.
Akumeneko ndi nkhalamba zotsegula pamwamba,
migolo iwiri, wina wochapa wina wofinya.
Amamwa ndowa zinayi osapumira,
kenako n'kumanjenjemera ngati minibasi pachitunda.
Maovolosi a kugalaja amabwera ali bii.
Ndikathira chimodzi, girisi amandiseka.
Ndikathira ziwiri, buluku lakuda limatuluka
ngati lagona pachigayo,
ndipo khanda limadzikanda usiku wonse.
Chimodzi ndi theka, tinagwirizana choncho,
ine ndi makinawo, patatha miyezi itatu.
Magetsi akazima pakati pa ntchito
pangano limatha, ndimapinda manja a juzi.

Lachisanu kuloji ya ku Chimaliro
makina ake ndi a mabatani ndi timagetsi tofiira,
sopo wake wamadzi, wonunkhira maluwa achilendo.
A manijala amalemba kamzere pabotolo ndi bolopeni
ndikamabwera, ndi kena ndikamaweruka.
Kumeneko sindiyezera dothi la pa nsalu,
ndimayezera nkhope yawo.

Chivindikiro chimene ndikunenachi
n'cha fulasiki yobiriwira
imene ndinkanyamulira phala kuchipatala chachikulu
mwezi uja wa Juni bambo a Gomezgani akutsokomola.
Fulasiki inasweka pokwera njinga ya kabaza,
tsiku limene phala linabwerera osadyedwa.
Chatsala n'chivindikirochi, chong'aluka pamlomo.
Chimayenda nane m'chikwama nyumba zitatu zonse,
ndipo palibe anandifunsapo kuti ndinachitenga kuti.

Madzi a kuno ndi ofewa, sachedwa kuchita thovu.
Lovuta ndi dzuwa.
Chifunga chikatsika kuchokera ku Kaning'ina
zovala zimagona pachingwe masiku atatu,
ndipo sopo amene sanatsukuluzike bwino
amanunkha chinyezi, n'kukuulula kwa abwana.

Loweruka ndili kwathu ku Mchengautuwa,
beseni pansi, mvula yamawawa pamsana,
yunifolomu ya Gomezgani, masokosi, chitenje changa,
ndi kapaketi ka sopo kogula pa okala
koyenera kutifikitsa Loweruka linalo.
Ndinang'amba pakona, n'kutambasula dzanja.

Dzanja linaima m'malere.
Silinadziwe potapa, silinadziwe polekezera.
Linangoti duu pamwamba pa madzi ozizira
ngati mlendo pakhomo la eni,
mpaka mwana anatuluka, tulo tili m'maso:
Amama, ndikutengereni chivindikiro chija?