Pa Khonde la Che Twaibu

Magetsi anazima cha m'ma teni,
makina a Che Twaibu anaima pakati pa mpendero,
ndipo posowa chosoka, pakamwa panatseguka.

Anayambitsa ndi Fedisoni, mwana wa a Mbwana,
wabwera dzana kuchokera ku koleji
ndi ndevu zinayi ndi foni yong'aluka galasi.
Akuti Yesu uja mwina sanapondepo pansi pano.
Akuti palibe fupa, palibe ndalama ya nkhope yake,
palibe ngakhale tsamba limodzi la dzanja lake.
Olemba za iye anachedwa zaka makumimakumi
ndipo sagwirizana kuti kumanda analawirira ndani.

A Kilemensi, akatekisiti a kwa Mponda,
anabwera kudzafupikitsa thalauza;
anadzambatuka mwendo umodzi uli m'mapini:
"Iwe, munthu angapereke khosi chifukwa cha mphekesera?"
Fedisoni anati, "Angapereke. Amapereka."

Amene anandidabwitsa ndi Che Twaibu.
Analavula singano, anakonza kofia:
"Isa mwana wa Mariamu anakhalako, mnyamata, usandiyese.
Za pamtanda zokhazo
ndi zomwe ine ndi bambowa tidzafe tikukangana."
Chiyambire kulipira lendi pakhonde lino
sindinaonepo mzikiti ndi tchalitchi pa benchi limodzi,
kuunjikira kamwana ka ndevu zinayi.

Ine ndinali pansi, pamalo panga,
ndikuboola chidendene cha nsapato ya wakabaza.
Sanandifunse.
Wosoka nsapato amafunsidwa mtengo wokha.

Koma bambo anga anakwera basi ya ku Joni
ine ndili m'mimba miyezi isanu.
Chithunzi chawo anadya ndi chiswe.
Kalata palibe, chitupa palibe, manda palibe.
Mayi amati anali wamtali, wosalankhulalankhula.
Amalume amati wamfupi, wapakamwa, wangongole.
Azakhali amati sanafike n'komwe, anathera ku Tete.
Dalaivala wina wa ku Namwera analumbira
kuti anawaona akugulitsa mabulangete, amoyo,
patatha zaka zitatu titalira maliro awo.
Mboni zinayi, abambo anayi.
Ku ofesi ya zitupa kalaliki anandifunsa chaka chawo chobadwa;
ndinayang'ana kudenga, iye anangolemba mzere.

Komabe kachala kanga ka kuphazi n'kopindika,
ndipo anayi onsewo, osafunsana, amati:
kameneko ndi kawo.

Sindikuti kachala ndi umboni wa ku Galileya.
Fedisoni akanandiseka, ndipo akanakhoza.
Ndikudziwa anthu obadwira m'kamwa mokha:
anamapopa aja tinawachezera usiku ndi zibonga,
mudzi wonse kulumbira kuti wawaona,
wogwira ngakhale batani la malaya awo osapezeka.
Malovu okha sabala munthu.

Koma osauka timafa opanda risiti.
Mmisiri wa matabwa wa kumudzi,
wophedwa ndi boma pa tsiku la anthu atatu,
ndani akanamutsegulira fayilo?
Ndipo ngati ukupeka mfumu yako,
ungaipekerenji imfa ya mbava?
Mafunsowa ndinawaluma pamodzi ndi ulusi.
Mwina ali ndi mayankho ku koleji;
ine ndinalekezera sitandade faifi.

Azana italira kutsidya kwa msika,
Che Twaibu anapinda nsalu.
A Kilemensi anayang'ana wotchi yawo yakufa.
Palibe anagonja, linangotentha ndi dzuwa.

Magetsi anabwera thuu koloko.
Fedisoni anatulutsa jini yothyoka zipi,
mawu atafewa: ndalama mwezi ukatha.
Che Twaibu anatsegula kope la ngongole,
anamupatsa bolopeni:
"Lemba dzina ndi dzanja lako, ndi tsiku,
kuti adzukulu ako asadzati sunakhaleko."

Tinaseka tonse, iyenso anaseka.
Ine ndinavula patapata,
ndinayang'ana kachala kaja kanthawi,
kenako ndinabwerera ku chidendene cha mwini wake.